Beseni la aNyaHara

Tsiku limene Esme anajambula chithunzi chija kunali chisanu cha mu Juni, chija chotsika m'mapiri a ku Champhira n'kukalowa mpaka m'mafupa. Linali Loweruka, tsiku lopanda sukulu. Apongozi ake, aNyaHara, anali atayala mphasa padzuwa kuseri kwa nkhokwe, thumba la mtedza wa makoko lili pambali pawo.

"Nyina Towera, tandithirira madzi m'beseni langa lija," anaitana motero.

Ndilo dzina limene Esme ankadziwika nalo pamudzipo, chifukwa cha mwana wake wamkazi wa zaka zitatu. Ntchito ya madziwo ankaidziwa. Mtedza ukauma gwa makoko ake amalimba, ndipo zala za munthu wamkulu sizichedwa kutupa. Choncho amayi amayamba awaza madzi kuti makoko afewe, kenako n'kumaswa mosavuta, ndipo mtedza woswawo umabwerera m'thumba ndi chinyezi chake. Amayi ake omubereka, kwawo ku Kasungu, ankachita chimodzimodzi. Koma Esme ankadziwanso china chimene anali ataphunzira Lachiwiri la sabata yomweyo: chinyezi chimenecho n'chimene chimadzutsa chuku, ndipo chuku chimasiya poizoni mu mtedza.

Anatunga madziwo, nawabweretsa, nagwada, naika beseni patsogolo pa apongozi ake. Mawu anafika pakhosi, koma anawameza.

Mayi amene Esme anawagwadirawo sanali apongozi wamba. Mwamuna wake Zondwayo atapita ku Joni kukafuna ntchito, Esme ananena mwamantha kuti akadakonda kubwerera ku sukulu, imene anaisiyira Fomu 2. Abambo a pamudzi anakana. Mkazi wolowoledwa, anatero, angakakhale bwanji pa desiki limodzi ndi anyamata? ANyaHara ndiwo anawayankha, ali chigwadire monga mwa ulemu wa kumeneko, koma mawu ali chilili: "Ng'ombe tinapereka zija sizinagule mutu wake." Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankabereka Towera kumbuyo, Esme n'kukwera njinga. Masiku atatu pa sabata ankapita naye mdzukuluyo ku mkombaphala wa pa tchalitchi, kumene kwa zaka zisanu ndi zinayi iwo ndiwo ankasunga kiyi wa khitchini, kuphika phala la ana, ndi kupereka nsinjiro zochokera m'munda mwawo. Akazi ena amanyadira malata a nyumba kapena ana a ku yunivesite. ANyaHara ankanyadira phala.

Tsono teremu imeneyo aphunzitsi a sayansi, Mayi Kachingwe, mayi wa ku Dedza amene anali asanathe chaka ku Mzimba, anapereka ntchito ku Fomu 3.

"Sayansi yongothera m'kope ndi nyali yovundikiridwa," anatero. "Aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene waphunzira, asankhenso anthu oti akawafotokozere. Anthu enieni, osati anzanu a m'kalasi muno. Ndipo musakawaonetse zithunzi za m'buku. Akaone za pakhomo pawo, ndi pamene akakumvereni."

Wina anasankha akabaza, wina ana a Sitandade 5. Esme anasankha chuku, nasankha amayi a Umanyano, bungwe la amayi la pa tchalitchi chawo. Chimene chinkamusowa chinali chithunzi cha pakhomo. Ndipo taonani, chithunzicho chinali chitadzikhalira chokha pamphasa, padzuwa labwino.

Anatulutsa foni imene Zondwayo anamutumizira. ANyaHara anali ataviika dzanja m'beseni, akuwaza madzi pa mulu wa mtedza.

"Ukujambula chiyani?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Towera, amama. Nditumize kwa bambo ake."

"Mpukute mamina kaye, angati sitikumusamala."

Esme anaseka, napukuta mwanayo mphuno ndi nsonga ya chitenje. Koma foni sinayang'ane kwa Towera.

Loweruka lotsatira anakwera minibasi pa Jenda kupita ku Boma, kumene kuli makina osindikiza zithunzi zazikulu. Anaima kumbuyo kwa mayi wa pa kompyuta, akuloza ndi chala. Dulani mutuwo. Dulaninso apa, chitenjecho chisaoneke. Pomaliza panatsala manja awiri, mtedza, ndi beseni. Pamwamba pake anaikitsapo ekisi wamkulu wofiira, ngati uja aphunzitsi amalemba m'kope la wolakwa samu, poganizira kuti amayi ena sadziwa kuwerenga. Pambali pake anaikapo chithunzi china cha mtedza wouma uli pa thandala. Pobwerera anafungatira pepalalo ngati khanda kuti lisapindike, mtima uli m'malo. Manja ndi manja basi, ankadziuza. Ndani angazindikire manja?

Nthawi yoti akalankhule ku Umanyano anakaipempha ndi aNyaHara omwewo, kwa a Kezia Tembo, wapampando wa amayiwo. Anabwerako akumwetulira. "Akupatsa mpata tikatha Mawu. Ine andiuza kuti ndidzatseke ndi pemphero, poti wophunzitsa ndi wa m'nyumba mwanga." Sanafunse kuti phunzirolo ndi la chiyani, ndipo Esme sananene.

Tsikulo litafika amayi anadzaza mabenchi anayi, onse mu zoyera ndi zakuda za Umanyano, mipango yoyera itachita mbee. Mayi Kachingwe anabwera nawo, nakhala pambali ndi foni yawo kuti ajambule ntchito ya wophunzira wawo. Nyimbo itatha, Mawu atatha, Esme anagwada kutsogolo napereka moni.

"Imirira, mwana," anatero a Kezia. "Lero ndiwe mphunzitsi."

Anayamba ndi mabotolo awiri. M'botolo lina anali ataikamo mtedza wouma. M'linalo anali ataikamo mtedza wowaza madzi, nalitseka kwa masiku khumi. Anawapereka kuti ayende m'mabenchi. Botolo lachiwiri linali litamera ubweya wobiriwira mkati, ndipo aliyense wolilandira ankakwinya mphuno.

"Chimenecho ndi chuku," anatero Esme, akusakaniza Chichewa chake cha ku Kasungu ndi Chitumbuka chochepa chimene anachitola paukwati. "N'chamoyo. Ndi mbale wake wa bowa, koma mbewu zake n'zazing'ono kwambiri, diso silingazione. Zili m'dothi, zili mumphepo. Zikagwera pouma zimagona. Zikapeza chinyezi zimadzuka n'kuyamba kudya mtedza, ndipo podya zimasiyamo poizoni."

"Si timakazinga?" anafunsa mayi wina.

"Chukucho chimafa ndi moto, amama, koma poizoni wake safa. Mukazinge, muphike, alipobe. Ndipo nthawi zina mtedza umaoneka bwinobwino koma ali momwemo. Sapha lero ayi. Amapita kuchiwindi n'kumakawononga pang'onopang'ono. Kwa mwana wamng'ono, amamulepheretsa kukula."

"Mbwenu amuna athu afupiafupiwa ndi nkhani ya mtedza," anatero mayi wa kumbuyo, ndipo tchalitchi chonse chinagwa nacho chiseko. ANyaHara, pa benchi yachiwiri, anaseka mpaka kupukuta misozi, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anzawo akumuona mpongozi wawo.

Esme analimba mtima. Anamasula pepala lija, nalitambasula, naligwira m'mwamba ndi manja awiri.

"Tsono onani chimene timalakwitsa."

Chiseko chinazima ngati nyali yothiridwa mphepo. Poyamba Esme anayesa kuti ndi chidwi. Kenako anaona kuti maso onse sali pa manja aja, sali pa ekisi wofiira, ali pansi pa chithunzi. Anasuzumira. Pamlomo pa beseni panali madontho atatu a penti wobiriwira, oyalana bwinobwino, ndipo makina a ku Boma anali atawakuza mpaka lililonse kufanana ndi dzira la nkhunda.

Kumeneko pakagwa maliro kapena ukwati, khomo lililonse limatulutsa mbale, mapoto ndi mabeseni, zonse n'kusakanikirana pamalo amodzi. Kuti zidzabwerere kwa eni ake, mayi aliyense ali ndi chizindikiro chake cha penti: wina mzere wofiira, wina kamtanda koyera, wina madontho. Amayi amene anakhala m'mabenchimo anali atatsuka beseni limenelo pa maliro osawerengeka, nalibweza okha pakhomo pa mwini wake. Madontho atatu obiriwira ankawadziwa kuposa nkhope. Esme ankalitsuka tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake anali atasiya kuwaona.

"Beseni la aNyaHara ilo," wina ananong'ona m'Chitumbuka, koma kunong'ona kwa m'tchalitchi kumamveka mpaka ku guwa.

Kenako mayi wina wachitsikana, amene mapasa ake ankadya ku mkombaphala, anafunsa mosakweza mawu, ndipo mwina sanafune choipa: "Kodi mtedza umenewo ndi uja unapita ku phala la ana?"

Aliyense ankadziwa kuti Lolemba la sabata yatha aNyaHara anabwera ndi ndowa yodzaza nsinjiro pamutu.

Esme sanakumbuke bwino mmene anamalizira. Ananena za kuyanika pa thandala, za kuswa mtedza uli wouma, za kusankha wofota ndi wobooka n'kuutaya, koma mawu ake ankawamva ngati akuchokera m'chitsime. Anayang'ana ku benchi yachiwiri kamodzi kokha. ANyaHara anali atakhala mowongoka, maso kutsogolo, manja onse awiri atawabisa pansi pa buku la nyimbo.

A Kezia anatsokomola. "Yewo, mwana, tamva. Monga tinapangana, atitsekere ndi aNyaHara."

Esme anayembekeza kuti akana. Koma mayiwo anaimirira, natseka maso, napemphera ndi mawu osanjenjemera. Anathokoza Mulungu chifukwa cha mvula ya chaka chimenecho. Anapempherera odwala ndi ana a mudzi amene ali ku Joni. Kenako anati, "Mudalitse mwana wanga uyu pa sukulu yake, mumutsegule mutu, afike kumene ife sitinafike." Pemphero lija linagwa pamutu pa Esme ngati makala a moto.

Panja, Mayi Kachingwe anamugwira dzanja mokondwa. Chitumbuka sankachimva, ndipo kunong'ona kuja kunawadutsa. "Waona mmene anakhalira chete utatulutsa chithunzi? Uthenga walowa pamenepo."

M'mawa mwake linali tsiku la phala, koma aNyaHara sanapite. Anapereka kiyi wa khitchini kwa mnansi wawo kuti akasiye kwa a Kezia. Towera anamubereka monga mwa masiku onse, koma anapita naye kudimba. Madzulo Esme pobwera ku sukulu anapeza utsi kuseri kwa nkhokwe: mtedza wonse woswaswa, thumba ndi theka, unali pamoto, mafuta ake akulira thethethe. Sabata imeneyo anamva kuti amayi ena ayamba kupita kukatenga ana awo nthawi ya phala isanakwane. Kumjigo, akafika iye, nkhani inkaduka pakati.

Kunyumba kunalibe mawu oipa. Madzi osamba ankawapeza atafunditsidwa. Ndiwo zinkagawidwa chimodzimodzi. Pemphero la chakudya aNyaHara ankalinena monga kale. Koma nyimbo zimene ankang'ung'udza posesa pabwalo zinaleka, ndipo bulauzi yoyera ya Umanyano, imene inkachapidwa sabata iliyonse, inakhala m'sutikesi. Esme ankalakalaka atamukalipira, ngakhale kumutumiza kwawo ku Kasungu. Akagwada kuti apemphere, mawu ankathera m'denga.

Lachitatu Mayi Kachingwe anabweza zotsatira. Esme anaposa kalasi yonse. Anzake anamuombera m'manja, iye akuyang'ana desiki.

"Mwezi wamawa kuli chionetsero cha sayansi ku Boma," anatero aphunzitsiwo atamuitanira pambali. "Pepala lako lija ndi limene likaimire sukulu yathu."

"Silipita, madamu."

"Bwanji?"

"Manja aja ndi a apongozi anga. Sindinawapemphe."

Mayi Kachingwe anamuyang'anitsitsa. "Anali m'tchalitchi muja?"

"Ndi amene anatseka ndi pemphero."

Aphunzitsiwo anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. "Ine ndinakuuzani kuti mukajambule za pakhomo. Zopempha eni ake sindinanene. Pamenepo ndinalakwa ndine." Koma Esme ankadziwa kuti katundu wake sangamusenzetse munthu wina.

Masana a tsiku lomwelo anawapeza aNyaHara pakhonde akuswa mtedza wotsala, wouma, umodziumodzi. Chala chachikulu chinali chitamangidwa kansalu. Esme anagwada pataliko, naweramitsa mutu.

"Amama, ndapota, ndikhululukireni. Ndinadula nkhope, ndinadula chitenje. Za madontho aja sindinaganize."

ANyaHara anaswa mtedza wina, naponya makoko m'lichero.

"Ndiye chimene chikukupweteka ndi madontho."

"Ayi, amama."

"Pakanapanda madontho bwenzi zonse zili bwino. Bwenzi ndikuomba m'manja pamodzi ndi anzanga, ndikuseka manja anga omwe." Sanakweze mawu. "Tandiuza. Za chukuzi unaphunzira liti?"

"Lachiwiri."

"Chithunzi unajambula liti?"

"Loweruka."

"Madzi m'beseni anandibweretsera ndani?"

Esme anayang'ana pansi. Misozi inagwera pa siketi ya yunifolomu.

"Ndikufunsa, Nyina Towera."

"Ndine, amama."

"Ndinaswa, ndinakazinga, ndinasinja, iwe ukuona. Lolemba ndinasenza ndowa, iwe unandithandiza kuitukula. Ana makumi anayi anadya phala limenelo. Towera anadya mbale ziwiri." Anaima kaye, akuyang'ana chala chomangidwacho. "Zakuti amayi andiseka, ndine wamkulu, ndasekedwapo. Koma iwe unkadziwa. Unali ndi masiku onse aja oti undikokere kuseri kwa nyumba n'kunena kuti amama, izi n'zoipa. Ndikanakana mwina, ndikanati ana a sukulu mumadziwa chiyani. Koma ukananena. Iwe unasunga mawu ako kuti ukawatulutse pagulu, ali atsopano."

"Ndalakwa, amama."

"Mutu unandidula kuti anthu asandidziwe. Nanga iwe sunkandidziwa?"

Anatola lichero nalowa m'nyumba. Esme anatsala chigwadire mpaka Towera anabwera kudzamukoka khutu.

Madzulo ake Esme anapita yekha kwa a Kezia kukapempha mpata wina ku Umanyano. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ubweranso ndi chithunzi cha ndani?"

"Ndibwera chimanjamanja."

Tsiku la Umanyano malo a aNyaHara pa benchi yachiwiri anali opanda munthu, ndipo palibe anasunthirapo. Ulendo uno Esme atagwada, palibe anamuuza kuti aimirire. Analankhula ali pansi pomwepo, maso pa simenti. Ananena zonse mwa dongosolo lake: Lachiwiri, Loweruka, madzi amene anatunga yekha, bodza la kujambula Towera, ndowa imene anathandiza kutukula. Ananena kuti apongozi ake sankadziwa kanthu za chuku, ndipo atangodziwa anatentha thumba ndi theka. "Amene anadziwa n'kukhala chete ndine. Ngati pali munthu woti ana anu mumuope, ndi ine."

Kunja mbuzi inkadzikanda pa chitseko cha vesitile.

A Kezia anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo. "Amayi, sabata yonseyi pakamwa pathu sipanapume. Tsono ndifunse. Amene sanawazepo madzi pa mtedza chibadwire, aimike dzanja timuone."

Manja onse anakhala pamiyendo. Kenako kumbuyo kunakwera dzanja limodzi, la mayi uja wa nthabwala ya amuna afupiafupi.

"Inu, aNyaZimba?"

"Ine sindiwaza ayi. Ndimaviika thumba lonse mumtsinje."

Chiseko chinaphulika, koma chinali chiseko cha anthu amene agwidwa, ndipo sichinakhalitse. Mayi wa mapasa uja anaphimba nkhope ndi mpango. Anakambirana nthawi yaitali, ena akuti makoko ouma amathyola zala, ena akuti akaswera pamodzi pa tchalitchi ntchito ingapepuke. Anagwirizana kuti nsinjiro zotsala m'khitchini zitayidwe, ndipo za phala la ana ziziswedwa pagulu, zouma, aliyense akuona.

"Koma iwe," anatero a Kezia potembenukira kwa Esme, amene anali akadali chigwadire, "usaganize kuti taseka ndiye zatha. Chimene unatiphunzitsa n'choona, ndipo tikuthokoza. Koma unanamiza mayi amene amakulerera mwana kuti iwe uphunzire. Zimenezo si zathu kukhululuka." Anamasula mfundo ya pa chitenje, natulutsa kiyi wa khitchini. "Unawalanda ndiwe. Ukawabwezere ndiwe."

Esme anayenda ulendo wobwerera kiyi ali m'manja, akumuotcha ngati wachoka pamoto. Nkhani inali itamutsogolera kale, monga zimakhalira kumudzi. Anapeza aNyaHara atakhala pa mpando wa ndalema pakhonde, Towera akugona pamiyendo pawo. Anagwada, natambasula manja onse awiri.

ANyaHara anayang'ana kiyiyo, osamulandira.

"Ndamva kuti wakaulula pagulu kuti unandinamiza."

"Eya, amama."

"Ndani anakutuma?"

"Palibe."

"Hm. Sabata yatha anadziwa kuti pakhomo pano wamkulu amadyetsa ana poizoni. Lero adziwa kuti wamng'ono ndi wabodza. Watsala Towera yekha. Sabata yamawa ukanene zake."

Esme sanadziwe ngati aseke kapena alire, ndipo anangokhala manja ali m'mwamba.

"Tsitsa manjawo, sindine m'busa. Kakoleke pa msomali, kuseri kwa chitseko." Anasuntha mwanayo kuti agone bwino. "Kukhululuka ndakhululuka, chifukwa nanenso ndimapempha chomwecho m'mawa uliwonse. Koma mtima si mbale yoti utsuke lero n'kudyeramo lero. Udzandipatsa nthawi."

"Yewo chomene, amama."

"Mawa ndi tsiku langa. Nkhuni za ku khitchini zinatha. Udzasenza mtolo ndiwe, ukatula ndiye uzipita ku sukulu kwakoko."

M'mawa mwake ananyamuka dzuwa litangotuluka, mame ali mbuu pa udzu. Kupita ku tchalitchi kuli njira yachidule yodzera m'munda wa chinangwa, imene aNyaHara ankadzera zaka zonse. Tsiku limenelo anatenga njira yaikulu, yodutsa pa mjigo. Iwo anali patsogolo, Towera kumbuyo kwawo, mpango utamangidwa mwaudongo. Esme ankatsatira mu yunifolomu ya sukulu, mtolo wa nkhuni pamutu, chikwama cha mabuku chikumumenya m'chiuno.

Pa mjigo panali amayi oposa khumi. Wopopa anasiya kupopa. ANyaHara anaima, nayamba kupereka moni, osati wa onse pamodzi, koma mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake. Mwauka uli, aNyaZimba? Nanga mwendo uja? Nanga abambo a kunyumba? Ana adzuka bwanji? Atatha uyu anapita kwa uyo, osafulumira, ngati munthu amene alibe kopita. Kwa mayi wa mapasa anafunsa za mapasa onse awiri, aliyense payekha, namuuza kuti asachedwe nawo chifukwa phala lipsa msanga.

Esme anaima kumbuyo kwawo nthawi yonseyo. Nkhuni zinkamulemera, khosi linkawawa, ndipo ankamva maso a amayiwo akuchoka pa apongozi ake n'kudzatera pa iye, mmodzi ndi mmodzi. Sanatule mtolowo, ndipo sanadzutse maso. Moni utatha wa munthu womaliza, aNyaHara anakonza nsalu ya mwana kumbuyo, nanena osacheuka:

"Tiye, Nyina Towera. Ana akudikira."